Digiri yakutali imafuna denga lapafupi

Sabata yachiwiri ya November 2023 ndinali pa mzere m'banki ina mu Lilongwe, nditanyamula kalata ya yunivesite yakunja yondiuza kuti ndilipire madola 1,000 a fizi ya gawo lotsatira la maphunziro anga. Ndalamazo ndinali nditazisonkhanitsa kwa miyezi isanu, ndipo powerengera mtengo wa dola wa masiku amenewo zinali zokwanira, n'kutsalako ya minibasi. Koma pa 9 November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imene inkagulidwa pa K1,180 n'kufika pa K1,700, kotero kuti ngongole imene ndinagona nayo ili K1.18 miliyoni ndinadzuka nayo ili K1.7 miliyoni, yunivesiteyo isanawonjezere ngakhale senti imodzi. Mayi wa pa kauntala anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Bambo, ngakhale mukanabwera nazo zonse, madola palibe, siyani fomu yanuyo, tidzakuimbirani." Mwezi umenewo foni sinalire, ndipo gawo limenelo linandipitirira.

Sindikufotokoza izi kuti ndiopseze munthu, pakuti digiriyo ndinaimaliza, ngakhale ndinachedwa ndi chaka chathunthu, ndipo sindinong'oneza bondo. Ndikuzifotokoza chifukwa zikusonyeza chinthu chimene otsatsa maphunzirowa sanena, chimenenso akuluakulu a zamaphunziro m'dziko muno akuoneka kuti sanachilingalire mokwanira. Yunivesite ikhoza kukhala ku London, ku Pretoria kapena ku New Delhi, koma wophunzirayo ali kuno, ndipo chimene chimamupambanitsa kapena kumugwetsa kawirikawiri sichichokera kutsidya la nyanja, chimachokera pakhomo pake pomwe. Kuphunzira ndi yunivesite yakunja uli kwanu ndi njira yolemekezeka imene dziko lathu likuifuna, koma njirayi imabala pokhapokha pafupi ndi wophunzirayo pali zomuchirikiza, ndipo zomuchirikizazo tazisiya m'manja mwa munthu payekha ngati kuti ndi nkhani ya m'banja mwake.

Tichotse kaye chitonzo. Alipo anthu m'maofesi mwathu, makamaka ena mwa amene anagonapo m'mahositelo a ku Chirunga kapena a pa Poly masiku amenewo, amene akamva kuti mnzawo anatenga digiri ya pa intaneti amamwetulira cham'mbali ngati aona kaunjika atapachikidwa m'sitolo ya zovala zatsopano. Anthu otere aiwala mbiri. Yunivesite ya London inayamba kupereka madigiri kwa anthu osakhala m'makalasi ake m'chaka cha 1858, kutatsala chaka chimodzi kuti David Livingstone afike pa nyanja yathu. University of South Africa, imene tonse timangoitchula kuti UNISA, inayamba kuphunzitsa anthu kudzera pa positi mu 1946, ndipo lero ili ndi ophunzira oposa 300,000. Nelson Mandela anawerenga zamalamulo ndi yunivesite ya London ali m'ndende, ndipo digiri yake ya zamalamulo anadzailandira ku UNISA mu 1989, asanatulutsidwe. Britain yeniyeniyo, imene ili ndi Oxford ndi Cambridge, inaona kuti n'kofunika kukhazikitsa Open University mu 1969 kuti anthu apantchito ndi amayi apakhomo apeze mwayi. Ngati eniake a mayunivesite akalekalewo sanachite nayo manyazi njira imeneyi, sindikuona chifukwa choti ife tiziichitira tsinya.

Ngakhale kuno kwathu si yachilendo. Makolo athu ambiri amene anali aphunzitsi, makalaliki ndi apolisi m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 anakwera pa ntchito chifukwa cha maenvulopu a Rapid Results College ndi masukulu ena ophunzitsa kudzera pa positi, amene ankafika ku positi ofesi ya pa boma patatha milungu ingapo, n'kumawerengedwa usiku pa nyali ya koloboyi. Boma lenilenilo linatsegula Malawi Correspondence College mu 1965, imene pambuyo pake inadzatchedwa Malawi College of Distance Education, ndipo dzina loti MCDE aliyense wa zaka zopitirira makumi anayi akulidziwa. Chimene chasintha ndi chakuti envulopu yasanduka laputopu, ndipo mtengo wake wasanduka madola.

Chifukwa chimene anthu akuthamangira kumeneko n'chodziwika. Malawi ali m'gulu la mayiko amene chiwerengero cha achinyamata ofika ku yunivesite n'chotsika kwambiri padziko lonse, ndipo chaka chilichonse mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, amatsala kunja ana ambirimbiri amene anakhoza bwino MSCE, okhala ndi makirediti asanu ndi limodzi ofunikawo. Mayunivesite awonjezeka, inde: Mzuzu inabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, LUANAR inaima payokha, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS. Koma ana akubadwa mofulumira kuposa mmene makalasi akumangidwira. Kuwonjezera pa achinyamatawo pali gulu lina limene silitchulidwa kawirikawiri, la anthu amene ali kale pa ntchito: namwino wa ku Chitipa amene ali ndi ana atatu, mphunzitsi wa sekondale ku Nsanje, wowerengera ndalama wa pa khonsolo amene wakhala pa giredi imodzi zaka khumi chifukwa alibe pepala lotsatira. Anthu amenewa sangasiye ntchito ndi banja kuti akakhale zaka ziwiri ku Leeds, ndipo ngakhale atafuna, viza, ndege ndi lendi ya kumeneko zimaposa fizi yeniyeniyo. Kwa iwo maphunziro akutali ndiye khomo lokhalo limene latseguka.

Tsono tamverani mmene khomolo amalitsatsira pa Facebook: phunzirani muli kunyumba kwanu, pa nthawi yanu, pa liwiro lanu. Mawu amenewa si abodza, koma amene anawalemba ankaganizira nyumba ya kwawo, imene ili ndi chipinda chowerengeramo, magetsi osazima ndi intaneti yolipira kamodzi pamwezi. Nyumba ya wophunzira wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni ndi ina. Tebulo lowerengerapo ndi lomwelo lodyerapo nsima, ndipo limapezeka ana akagona. Nthawi yake ndi imene yatsala akaweruka ku ntchito, akabwera ku maliro a kumudzi, akatha msonkhano wa kumpingo ndi wa chinkhoswe cha mphwake, zinthu zimene munthu wamkulu pakati pathu sangazikane popanda kutchedwa wodzikonda. Vidiyo imodzi ya mphunzitsi ya ola lathunthu imadya bandulo imene akanagwiritsa ntchito sabata yonse, n'chifukwa chake ophunzira otere mudzawapeza ali maso pakati pa usiku, pamene bandulo yotsika mtengo imagwira ndiponso netiweki imapepuka.

Mayeso ndiye amaonetsa bwino kusiyana kumeneku. Kale munthu ankapita kukalembera mayeso a yunivesite yakunja m'holo yodziwika, pali woyang'anira wamoyo amene ukhoza kumufotokozera vuto. Kuyambira nthawi ya Covid-19 mayunivesite ambiri anasamutsira mayeso pa intaneti, ndipo woyang'anira anasanduka kamera ya pa laputopu yako, imene imafuna kuti nkhope yako izioneka nthawi yonse ndipo m'chipindamo musalowe munthu. Ine ndinalembapo mayeso otere mu 2022, chaka chimene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lonse. Ndinali nditachajitsa laputopu, nditagula bandulo ziwiri za makampani awiri osiyana, nditatseka chitseko n'kuwapempha amayi a kunyumba kuti atenge ana apite nawo kwa aneba. Patatha mphindi makumi anayi magetsi anazima. Laputopu inapitiriza kuyaka, koma m'chipindamo munada, kamera inaleka kundiona, ndipo pa sikirini panabwera uthenga wondichenjeza kuti khalidwe langa likukayikitsa. Ndinamaliza mayesowo nditaluma tochi ya foni pakamwa kwa kanthawi, kenako n'kuitsamiritsa ku botolo la mafuta ophikira kuti iziwalira nkhope yanga. Zinanditengera makalata anayi kuti nditsimikizire munthu wa ku ofesi ya mayeso, amene mwina magetsi sanamuzimirepo chibadwire, kuti mdimawo sindinaupange dala.

Komabe magetsi ndi madola si zimene zimagwetsa anthu ambiri. Chimene ndachiona chikugwetsa anzanga ndi kukhala wekha. Pa yunivesite yokhala pompo, ukagona m'kalasi mnzako amakugwedeza, ukasowa sabata imodzi wina amafunsa, ukalephera kumva mutu wina umaumvera pa khonde kapena pa mzere wa chakudya. Wophunzira wakutali akasiya kutsegula laputopu palibe amene amadziwa, ndipo kusiya kwake sikukhala ndi tsiku. Amangoti sabata ino ndatanganidwa, mwezi uno ndilibe ndalama, ndidzalembetsanso gawo likubwerali, mpaka patapita zaka zitatu mumamumva akunena kuti "ndinayambapo" digiri inayake. Yunivesite imakhala italandira madola ake a chaka choyamba, ndipo ilibe chifukwa chomulondola ku Mchinji. Mayunivesite ophunzitsa anthu akutali padziko lonse amalidziwa vuto limeneli, kuti amene amayamba ndi ambiri koma amene amafika pa tsiku lovala mkanjo ndi ochepa, ndipo pa zikwangwani zawo zotsatsira amaonetsa ovala mikanjo okhaokha.

Yankho lake ndinaliona ku Dowa, pa malo amene ambiri sangawaganizire. Ku msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, kuyambira m'chaka cha 2010, bungwe la a Jesuit limene tsopano limatchedwa Jesuit Worldwide Learning linayamba kuthandiza achinyamata kuphunzira dipuloma ya Regis University ya ku Denver m'dziko la America kudzera pa intaneti. Aphunzitsi ali kutali, koma ophunzira sanauzidwe kuti aliyense akadzionere yekha m'kanyumba kake. Anawamangira malo ophunzirira okhala ndi makompyuta, magetsi ndi intaneti, anaikapo anthu owatsogolera pompo, ndipo ophunzirawo amayenda monga gulu limodzi, kuyamba limodzi n'kumakokana. Anthu amene alibe dziko, alibe pasipoti, ena alibe ngakhale mapepala a sukulu imene anaphunzira kwawo, akhala akumaliza maphunziro a yunivesite ya ku America ali pa phiri la ku Dowa. Chinsinsi chake si intaneti, pakuti intaneti ili ponseponse. Chinsinsi chake ndi denga, soketi yogwira ntchito, ndi munthu wodziwa dzina lako amene adzakufunsa chifukwa chimene sunabwere Lachiwiri.

Ndipo nzeru imeneyi tinali nayo kale. MCDE sinkangotumiza mabuku pa positi. Inali ndi malo m'madera ambiri kumene ophunzira ankasonkhana pansi pa mphunzitsi wowayang'anira, malo amene mu 1998 anasandutsidwa ma Community Day Secondary School amene tili nawo lero. Malowo anali osauka, aphunzitsi ake ambiri anali a pulayimale, ndipo zotsatira za mayeso sizinali zonyaditsa, zimenezo sitingabise. Koma amene anayambitsa dongosololi anamvetsa kuti mutu umodzi susenza denga. Lero tili ndi nthambi za National Library Service m'mizinda ndi m'maboma angapo, tili ndi ma Teacher Development Centre m'mazoni a sukulu za pulayimale, tili ndi makoleji a aphunzitsi ndi a ntchito zamanja amene makalasi ake amakhala otseka madzulo ndi Loweruka. Chipinda chimodzi pa boma lililonse, chokhala ndi sola, intaneti yodalirika ndi munthu wovomerezeka kuyang'anira mayeso, chotsegukira aliyense amene akuphunzira ndi yunivesite yodziwika, kaya ya kuno kaya yakunja, pa mtengo wochepa wa pamwezi, chikhoza kupulumutsa madigiri ambiri pa ndalama zochepa kuyerekeza ndi zomangira hositelo imodzi.

Chinthu chachiwiri chimene chiyenera kukhala pafupi ndi munthu wokuuza zoona usanalipire. Pa intaneti yunivesite yeniyeni ndi yachinyengo zimaoneka chimodzimodzi: zonse zili ndi chithunzi cha nyumba ya njerwa zakale, chidindo chokhala ndi mawu a Chilatini, ndi achinyamata osekerera pa kapinga. Mu 2015 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti kampani ya Axact ya ku Karachi m'dziko la Pakistan inkayendetsa mayunivesite ndi masukulu ambirimbiri ongopeka, okhala ndi mayina omveka ngati a ku America, n'kumagulitsa madigiri padziko lonse. Amenewo ndi akuba oonekeratu, ndipo amene amagula digiri ya udokotala ya miyezi itatu amadziwa chimene akugula, sindimumvera chisoni. Amene ndimamumvera chisoni ndi munthu woona mtima amene amagwa m'manja mwa sukulu za pakatikati, zimene zimaphunzitsadi, zimapereka asayinimenti, zimalemba mayeso, koma sizinavomerezedwe ndi bungwe loyenera m'dziko lawo lomwe, kapena zinavomerezedwa ndi kabungwe kamene zinadzipangira zokha. Munthu amakhetsa thukuta zaka zinayi, amagulitsa poloti, kenako akapita nalo pepalalo kukafunsira kukwezedwa amauzidwa kuti silikudziwika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno bungwe loona zimenezi ndi National Council for Higher Education, lodziwika kuti NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo lili ndi udindo wounika mapepala a maphunziro ochokera kunja. Vuto ndi lakuti anthu ambiri amalikumbukira bungweli digiri ili kale m'manja, pamene mwayi wobwerera unatha kalekale. Mbali ina mlandu ndi wa ophunzirafe, pakuti safunsa anadya phula, ndipo kalata yofunsa ngati yunivesite yakutiyakuti ndi yodziwika iyenera kutsogola, fizi izibwera pambuyo. Koma mbali ina ndi ya dongosolo. Mnyamata wa ku Karonga amene waona chotsatsa pa foni yake usiku ayenera kukhala ndi njira yofunsira pa foni yomweyo n'kuyankhidwa m'masiku owerengeka, ndipo mawailesi amene amaulutsa zotsatsa za masukulu akunja ayenera kumafunsa umboni wa kuvomerezeka kwake asanalandire ndalama ya chotsatsacho.

Ngakhale yunivesite itakhala yeniyeni, pali misampha ina iwiri imene wotsatsa sadzakuuzani. Woyamba ndi wa polowera. Mayunivesite ambiri a ku Britain saiwerengera MSCE yathu ngati yokwanira payokha kulowera digiri, amafuna A-Level, mayeso apamwamba kuposa MSCE, kapena chaka chokonzekera, ndipo ku South Africa munthu wa mapepala akunja amayenera kupeza kaye chikalata chosonyeza kuti mapepala akewo akukwanira. Tsono sukulu ikakulandirani mofulumira kwambiri, osafunsa n'komwe kuti munakhoza bwanji, chimenecho chikhale chokudabwitsani, osati chokusangalatsani. Msampha wachiwiri ndi wa potulukira. Digiri yovomerezeka siitanthauza chilolezo chogwirira ntchito. Wophunzira zamalamulo a ku England sadzangodzuka n'kukaimira munthu ku High Court. Pali Malawi Institute of Legal Education ndi malamulo a kuno oti adutsemo. Za unamwino ndi za udokotala zili ndi makhonsolo ake amene amafuna umboni woti munthu anagwirapo odwala enieni m'wodi, chinthu chimene palibe laputopu ingamupatse. Owerengera ndalama ndiwo akhala ndi mwayi kwa nthawi yaitali, chifukwa mayeso a ACCA, ngakhale ndi a bungwe la ku Britain, amadziwika bwino kwa olemba ntchito kuno, ndipo pali makoleji a kuno amene amaphunzitsa anthu kukonzekera mayesowo. Onani kuti ngakhale pamenepa chimene chawathandiza ndi kalasi yapafupi.

Pali funso lina limene ndimalimva kwa anzanga a m'mayunivesite a kuno, ndipo ndi funso labwino. Amati, bwanji munthu azitumiza madola kunja pamene Mzuzu University, Domasi College of Education, LUANAR ndi ena ali ndi maphunziro akutali olipira m'makwacha, ophunzitsidwa ndi anthu odziwa nthaka ya kuno? Pa digiri yoyamba ndikugwirizana nawo kwathunthu. Mwana amene wangomaliza Folomu 4 sanaphunzire kudziphunzitsa yekha, sanalembepo nkhani yaitali yofufuza, ndipo akufunika aphunzitsi oti aziwaona maso ndi maso ngakhale kwa milungu yochepa pa chaka, monga mmene mapulogalamu a kuno amachitira. Komanso pali maphunziro amene sayenda bwino ulendo wautali. Za ulimi zophunzitsidwa ndi zitsanzo za minda ya tirigu ya mahekitala mazanamazana sizimuthandiza kwenikweni mlangizi amene alimi ake ali ndi ekala imodzi ya chimanga ndi nandolo, ndipo ine ndemwe ndinathera milungu yambiri ndikusanthula mavuto a makampani a sitima za pamtunda za ku Ulaya, ndikudzifunsa kuti zimenezi ndidzazigwiritsa ntchito pati. Koma pa digiri yachiwiri, ndiponso pa maphunziro amene kuno kulibe kapena aphunzitsi ake ndi owerengeka, yunivesite yakunja imabweretsa zinthu zimene sitingazikane: laibulale ya pa intaneti yokhala ndi magazini a kafukufuku amene mayunivesite athu amavutika kulipira, kalendala imene siisokonezeka ndi sitalaka, ndi mphunzitsi amene amabweza asayinimenti yako pa tsiku limene analonjeza, atalembamo ndemanga. Mayunivesite athu akanachita bwino kuona zimenezi ngati mpikisano wowadzutsa, ndipo njira yanzeru kwambiri ndi yoti azigwirizana ndi anzawo akunjawo, digiri izituluka ndi zidindo ziwiri, gawo lina la fizi lizilipiridwa m'makwacha.

Tibwerere ku banki kuja. Wina adzati dziko limene likusowa madola ogulira mafuta a galimoto, mankhwala ndi feteleza silingaike patsogolo fizi ya munthu amene akufuna kudzikweza yekha. Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo sindinganene kuti digiri yanga inali yofunika kuposa mankhwala a malungo. Koma tiwerengere bwino. Boma ndi mabungwe akhala akutumiza anthu kunja kukaphunzira kwa zaka zambiri, kulipira ndege, nyumba ndi chakudya m'ndalama zakunja, ntchito ya munthuyo ili yosagwiridwa kwa chaka kapena ziwiri, ndipo ena mwa otumizidwawo sanabwerere, ali ku Manchester mpaka lero. Wophunzira wakutali amalipira yekha, amapita ku ntchito m'mawa uliwonse, zimene waphunzira usiku amaziyesa pa desiki yake m'mawa mwake, ndipo sachoka. Mwa njira zonse zopezera maphunziro akunja, iyi ndi imene imadya madola ochepa kwambiri n'kusiya munthuyo m'dziko. A Commonwealth Scholarship Commission a ku Britain anaizindikira mfundo imeneyi, n'chifukwa chake ali ndi thandizo lapadera la digiri yachiwiri yophunzira munthu ali kwawo, limene Amalawi akhoza kufunsira. Sindikupempha kuti boma lizilipirira anthu fizi. Ndikupempha kuti fizi ya ku yunivesite imene NCHE yaitsimikiza izikhala ndi mzere wake wodziwika ku banki, kuti munthu amene ali ndi makwacha ake m'manja asataye chaka, kapena kukakamizika kukagula madola kwa anyamata a pamsika pa mtengo woposa wa ku banki kutalitali.

Ophunzirafe tilinso ndi chitsotso chathu m'diso, ndipo ndichitchule ndisanaiwale. M'mizinda yathu muli anthu amene ntchito yawo ndi kulembera ena asayinimenti ndi kafukufuku wa kumapeto, ndipo manambala awo amayenda m'magulu a WhatsApp mosabisa. Tsopano kwabweranso mapulogalamu a pa kompyuta amene amalemba nkhani yonse m'kamphindi. Munthu amene mphunzitsi wake sanamuonepo nkhope amayesedwa kwambiri ndi zimenezi, ndipo aliyense amene wagonja amatsitsa mtengo wa pepala la anzake onse amene anavutikira. Olemba ntchito akayamba kukumana ndi anthu a digiri yachiwiri amene sangathe kulemba lipoti la masamba awiri, kumwetulira kwa cham'mbali kuja kudzakhala ndi chifukwa. Apanso gulu limathandiza, chifukwa n'kovuta kunamiza anthu amene umakhala nawo Loweruka lililonse n'kumakambirana nawo mutu womwewo. Amadziwa zimene ukudziwa ndi zimene sukudziwa.

Ine chimene chinandibwezera m'njira, chaka chija chitandipitirira, chinali chipinda cha kuseri kwa tchalitchi china m'dera lathu, chimene abusa anatibwereka titawapempha kudzera mwa mkulu wa mpingo. Tinalipo anayi, aliyense ndi yunivesite yake ndi phunziro lake: wina za umoyo wa anthu, wina za kayendetsedwe ka ndalama, wina za maphunziro, ine za kayendetsedwe ka ntchito. Tinasonkherana n'kugula batire ndi sola yaing'ono, tinkagawana bandulo imodzi, ndipo lamulo linali lakuti wosabwera Loweruka popanda chifukwa agule mandasi a sabata yotsatira. Mlonda wa pa tchalitchipo ankatitchula kuti "a yunivesite", ndipo wina akamalemba mayeso ankathamangitsa ana osewera mpira pabwalo kuti kamera isamve phokoso. Mmodzi wa ife anasamutsidwira ku Mzimba asanamalize, ndipo nditamuimbira mwezi wathawu anandiuza kuti akuganiza zolembetsanso chaka chamawa. Atatufe tinamaliza. Kiyi wa chipindacho tinamusiyira mayi wina wa ku chipatala amene wangoyamba kumene, ndipo wapeza kale anzake awiri, koma batire lija layamba kufooka ndipo akufunafuna wachinayi woti asonkherane naye.